Ndinasiya nyama koma sindinasauke

Abale pali chinthu chimandiwawa ndipo lero ndichinena basi. Ndatha zaka 2 osadya nyama, kaya ya mbuzi, nkhuku ngakhale usipa, ndinasiya bambo anga atadwala BP nditayamba kuganizira kanyenya yemwe ndinkadya daily ndi mchere wake uja. Koma paliponse funso ndi lomwelo, mwadwala kapena ndalama zavuta? Kwathu kuno munthu akadyera masamba timati wavutika, ngati nkhwani wotendera ndi chilango.

Nkhuli sinandivute kwenikweni, inatha miyezi yoyamba yomwe. Chinandivuta ndi tsiku lomwe ndinapita kumudzi ku Ntcheu, agogo atangondiona anatuma mwana kuti athamangitse tambala yemwe ankandisungira. Ndinawagwira mkono nkuwauza kuti agogo musavutike ine nyama ndinasiya. Anakhala duu kaye kenako amvekere, "Ndiye mdzukulu wanga anthu akamva ati ndakulandira bwanji?" Zinandikhudza zedi chifukwa nkhuku ija chinali chikondi chawo. Madzulo anaphika mfutso wa khwanya wothira nsinjiro ndi nyemba zowira bwinobwino pa nkhuni, ndinadya mitanda 3 iwo akungondiyang'ana mpaka anayamba kumwetulira.

Izi si zachizungu ayi. A Seventh-day Adventist ambiri sadya nyama, ma Rasta ali ndi chakudya chawo chopanda nyama chomwe amati ital, ku India anthu mamiliyoni amabadwa mpaka kukalamba osailawa.

Koma chonde musangosiya nyama nkumadyera kabichi wamafuta tsiku ndi tsiku, mudzafooka. Thupi limafuna mapuloteni ndipo tili nawo, nandolo, khobwe, nzama, mtedza, ma soya pieces omwe timawanyoza aja. Vitamini B12 mmasamba mulibe, nchifukwa chake ine mazira ndi chambiko sindinasiye, amene wasiya zonsezi akufunika mapilitsi ake. Tiyi naye osamwera pa chakudya, amatchinga ayironi wa mu nyemba kuti asalowe bwino mthupi, bola kuthirako ndimu kapena kumwera malambe. Kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera yambani mwafunsa kuchipatala.

Pempho langa lipite kwa amayi ophika pa maukwati ndi pa zinkhoswe, tisiyireniko kampoto kamodzi ka nyemba kosathira msuzi wa nyama. Mwezi watha pa ukwati wina ndinadya mpunga ndi saladi yekha chifukwa mpaka mu mpiru munali mafuta a nkhuku.