Lekani kuseka nazo: makatuni olaula ana si nthabwala

Achinyamata inu amene mumagona foni ili m'manja, tcherani khutu. Ndikunena za zithunzi za makatuni a ku Japan zimene mukuponyerana m'magulu a WhatsApp ndi Telegram, zija za kamtsikana ka nkhope ya mwana wa Sitandade 3, kachikwama ka kusukulu kali kumsana, koma kojambulidwa dala kuti munthu wamkulu akasirire. Wina akaponya, enanu mumatsatira ndi tinkhope toseka mpaka misozi. Wina amachisandutsa sitika n'kusunga. Palibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti, "Abale, kodi uyu si mwana?" Zimenezi n'zonyansa, ndipo ndikukudzudzulani poyera.

Musandimve molakwa. Manga (mabuku a makatuni a ku Japan) ndi anime (makatuni ake a pa kanema) pazokha si zoipa. Muli nkhani za mpira, za mbiri yakale, za kuphika, za ubwenzi, zojambulidwa mwaluso kwambiri. Chimene ndikukana ndi kagawo kamene amati lolicon, komwe mwana amasandutsidwa chinthu chokhutiritsa chilakolako cha akuluakulu.

Musaganizenso kuti ku Japan konse amaziwombera m'manja. Mkangano wake ndi wakale. Dzikolo linaletsa kupanga ndi kugulitsa zolaula za ana mu 1999, koma kungokhala nazo m'nyumba sunali mlandu mpaka 2014, pamene aphungu anakonza lamulolo. Ngakhale pamenepo zojambula za manga ndi anime anazisiya kunja, chifukwa ofalitsa mabuku ndi ojambula anakana kwamtuwagalu ponena kuti ufulu wa luso uphwanyidwa. Mu 2010 mzinda wa Tokyo utakhwimitsa lamulo la zinthu zogulitsa kwa ana osakwana zaka 18, makampani akuluakulu a manga anakwiya mpaka kunyanyala chionetsero cha anime cha mumzindawo. Mu 2015 Maud de Boer-Buquicchio, nthumwi yapadera ya United Nations pa nkhani za kugulitsa ndi kuzunza ana, anafika ku Japan n'kupempha kuti manga zoonetsa ana monyanyira chonchi ziletsedwe. Ndipo ndi mu 2023 pamene dzikolo linakweza msinkhu woti munthu angavomere zogonana kuchoka pa zaka 13 kufika 16. Zaka 13 zija zinakhala m'lamulo kuyambira 1907. Eni ake akuvutika kulichotsa vutoli m'nyumba mwawo, inu kuno mukulitola mokondwa ngati kaunjika wa bale latsopano.

Ndikudziwa zimene mumayankha. "Bambo, ndi katuni chabe, palibe mwana wapwetekedwa." Ena mumati, "M'nkhani yake ali ndi zaka 500, ndi mzimu, si mwana." Ana anga, mukunamiza ndani? Nkhope ndi ya mwana, msinkhu ndi wa mwana, kalankhulidwe ndi ka mwana. Zaka 500 zija wojambula anaziikapo kuti inu mupeze pothawira. Ndipo nthabwala yanu ija ya apolisi a ku America a FBI akuthyola chitseko, imene mumaponya pansi pa zithunzi zotere, ndi imene ikukugwirani pakamwa. Simungaseke za apolisi pa chinthu chimene mumtima mukuti n'chabwinobwino. Mukudziwa.

Nthabwala zamtunduwu zinakulira pa malo ngati 4chan, tsamba la ku America lomwe linayamba mu 2003 motengera tsamba la ku Japan la Futaba Channel, komwe anthu amalemba osatchula mayina awo. Kumeneko n'komwe kachimbalangondo kaja ka Pedobear kanatchukira, koseketsa anthu ndi nkhani ya kugwirira ana. Zafika m'foni mwanu zitadutsa m'manja ambirimbiri, ndipo ambiri a inu simudziwa n'komwe kumene zachokera.

Apa ndiye pamene pandiwawa kwambiri. Munthu wogwirira ana sayamba ndi kugwira. Amayamba ndi kuzoloweretsa. Amacheza naye mwanayo, amamugulira bandulo, amamutumizira katuni yoseketsa, kenako ina yolaula pang'ono, n'kumati, "Ukuona, ena amachita, palibe choopsa." Katuni imamuthandiza chifukwa mwana amaikhulupirira, amaiona ngati chinthu chake. Ndiye gulu lonse la anyamata likamaseka zithunzi zomwezo tsiku ndi tsiku, mukumulambulira njira munthu ameneyu. M'gulu mwanumo akhoza kukhalamo amene sakuseka ngati inu. Iye akuona kuti pano palibe womutsutsa. Mukhozanso kukhala mnyamata kapena mtsikana amene anachitidwapo chipongwe ali wamng'ono, akuwerenga mwakachetechete kuti anzake akuona zimene zinamuchitikirazo ngati zoseketsa. Mukuganiza kuti adzatsegula pakamwa kuuza wina wa inu? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo alongo anu aang'ono akugwira mafoni omwewo.

Inu muli kunja kwa dziko, samalani kawiri. Ku England, Wales ndi Northern Ireland lamulo la 2009, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2010, limaletsa kusunga zojambula zolaula za ana ngakhale zikhale makatuni, ndipo chilango chimafika zaka zitatu m'ndende. Mu 2014 bambo wina wa ku Middlesbrough, ku England, anapezeka wolakwa chifukwa cha zithunzi za manga zomwezi. Ku South Africa lamulo la Films and Publications Act limawerengera chithunzi cholaula cha mwana, kaya ndi weniweni kaya wongopeka. Kuno kwathu lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kupanga, kugawa ndi kusunga zolaula za ana pa kompyuta. Kumbukirani kuti WhatsApp imatha kusunga yokha zithunzi za m'gulu m'foni mwanu. Tsiku limene wapolisi adzaitsegule, mawu oti "sindine ndinaponya" adzakhala ovuta kuwafotokoza.

Makolo anzanga, nanunso simupulumuka. Mwagulira mwana foni, mwamva timawu ta makatuni kuchipinda, basi mtima wakhala m'malo. Si katuni iliyonse imene ili ya ana. Khalani naye pansi, akuonetseni zimene akuonera, mumufunse amene amamutumizira. Ma adimini a magulu, chotsani chithunzicho pompo, muchenjeze woponyayo, akabwereza mutulutseni ngakhale akhale mnzanu wa pamtima.

Mukapeza kuti munthu wamkulu wakhala akutumizira mwana wanu zinthu zotere, musamukwapule mwanayo. Mukatero sadzakuuzaninso kanthu. Musatumizenso chithunzicho kwa achibale kapena m'gulu la mpingo kuti aone, chifukwa kumeneko ndi kugawa komwe. Sungani nambala ya wotumizayo ndi foniyo momwe ilili, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi imene muli nayo pafupi, tsiku lomwelo.