Ngwazi youluka ikhale ndi mng'ono woikwiyitsa

Maganizo anga kwa inu amene mukufuna kulembera ana nkhani zoseketsa za ngwazi zouluka ndi zolengedwa zochokera ku mapulaneti ena ndi awa: chimene chimamugwira mwana kuti asatseke buku ndi mkangano wa pachibale. Mwana wa zaka 9 sanaonepo chombo cha m'mlengalenga chikutera pabwalo, koma kuwawa koti mkulu wake amaloledwa kugona mochedwa pamene iye akuthamangitsidwira kuchipinda amakudziwa bwino lomwe. Nkhani muimange pa nsanje imeneyo, mphamvu zodabwitsazo zibwere kudzakolezera moto.

Ambiri amaphonya poyambira penipeni. Amatenga mwana mmodzi n'kumuunjikira zonse: kuuluka, kunyamula galimoto, kuona kuseri kwa khoma. Pofika mutu wachinayi palibenso chimene chingamuopseze, ndipo wowerenga wayamba kuyasamula. Ngakhale Superman, amene Jerry Siegel ndi Joe Shuster anamutulutsa mu 1938, anadzapatsidwa chomufooketsa: mwala wa kryptonite unalowa m'nkhani zake mu 1943 kudzera mu sewero la pawailesi. Ndiye musanalembe mutu woyamba, khalani pansi mulembe zinthu zitatu: mphamvuyo imachita chiyani, imamulanda chiyani mwini wake, ndipo imakanika liti. Mukalemba, musazisinthe pakati pa nkhani kuti mupulumutse mtengambali wanu. Ana amagwira wabodza msanga kuposa akuluakulu.

Njira imene ndimaiona kuti imabala nthabwala zambiri ndi kugawa mphamvu imodzi pakati pa ana awiri osagwirizana. Tiyerekeze kuti mkulu atha kuuluka koma sangakhote. Wokhotetsa ndi mng'ono wake, ndipo zimatheka pokhapokha awiriwo ali pafupi, osapitirira mamita 10. Taonani zimene zabadwa pamenepo. Mkulu akufuna kutchuka yekha koma sangapite kulikonse popanda kubereka kamwana kamene dzulo lomweli kanamunenera kwa amayi. Mng'ono akanyanyala ali m'mwamba, mkulu akulunjika mumtengo. Simukufunikanso kusaka zoseketsa, lamulo lomwelo likuzibala m'mutu uliwonse. Ndipo mkanganowo ukhale wa zinthu zing'onozing'ono: ndani akhale kuwindo, ndani anatsiriza batire, dzina la ndani liyambe pa chovala chawo chaungwazi. Mkangano ukakula n'kufika pa chidani chenicheni, kuseka kumatha.

Wofotokoza nkhani akhale mmodzi mwa awiriwo, alankhule yekha, ndipo akhale wodzikonda pang'ono. Akamati "ine sindinachite mantha, ndinangobisala pansi pa tebulo kuti ndiganize bwino," mwana wowerenga amaseka chifukwa waona choonadi chimene wofotokozayo akubisa. Kuseka kotero kumamupangitsa kudzimva wochenjera, n'chifukwa chake amatsegula tsamba lina.

Pa zolengedwa za ku mapulaneti ena ndipamene ulesi umaonekera kwambiri. Zobiriwira, za maso atatu, zofuna kuwononga dziko popanda chifukwa: zimenezo ana anatopa nazo. Mlendo woseketsa ndi amene amaganiza mwadongosolo koma anayambira polakwika. Mwachitsanzo, akhala akuzonda dziko lapansi ndipo aona kuti m'nyumba iliyonse wamng'ono akangolira, akuluakulu onse amathamanga. Iwo atsimikiza kuti ameneyo ndiye mfumu. Akafika akugwadira mng'ono uja, mkulu akumutenga ngati wantchito wonyamula mfumu. Apa alendo aja athira mchere pabala lomwe linalipo kale, ndipo nkhani ziwiri zasanduka imodzi. Mlendo amene sakhudza mkangano wa abalewo mungomuchotsa.

Bodza lalikulu mwaloledwa limodzi kapena awiri, zotsalazo zikhale zoona. Pamwezi munthu amalemera gawo limodzi mwa magawo 6 a kulemera kwake kwa pano, choncho mng'ono amene amakanika kunyamula mkulu wake kumeneko amunyamula, ndipo sadzasiya kumukumbutsa. M'mlengalenga mopanda mpweya mawu samveka, ndiye abale awiri akhoza kukalipirana mpaka kutopa wina osamva kanthu. Kuwala kochokera ku Proxima Centauri, nyenyezi yapafupi kwambiri ndi dzuwa lathu, kumatenga zaka zoposa 4 kuti kufike kuno, kutanthauza kuti alendo ozonda ali kumeneko abwera ndi nkhani zakale, akufunafuna khanda limene pano lili kusukulu.

Za kukula kwa buku, kwa ana a zaka 8 mpaka 12 ine ndingati mawu 25,000 mpaka 40,000 akwana, mutu uliwonse mawu 1,000 mpaka 1,500, woti kholo liwerenge mokweza mphindi khumi nthawi yogona. Mutu uzithera pamene chitseko chikutseguka, osati chitatsekedwa. Makolo muwachotse panjira pofika mutu wachitatu, koma osawapha. Nkhani yoseketsa siinyamula maliro. Angotanganidwa, kapena aziona zonse koma osakhulupirira.

Nthabwala yobwerezabwereza ibwere katatu: koyamba kuidziwitsa, kachiwiri kuikhazikitsa, kachitatu kuitembenuza. Kachinayi yafa. Za kuphwisa ndi za kuchimbudzi ana amazikonda, inde, koma kawiri m'buku lonse n'kokwanira. Nthabwala zoti amve makolo okha zisiyeni, mwana amadziwa akamasekedwa pamwamba pa mutu wake.

Pakadutsa magawo atatu mwa anayi a bukulo, lolani mutu umodzi ukhale wopanda nthabwala. Abale apatukane, mamita 10 aja apitirire, mphamvu ithe, mmodzi akhale pangozi yeniyeni. Popanda mutu umenewu chipambano chimakhala chopepuka. Chogonjetsera adani chikhale kanthu kakang'ono komwe kanaonekera kale koyambirira. Wolemba mabuku H. G. Wells mu 1898 anagonjetsa alendo a m'buku lake ochokera ku pulaneti la Mars ndi tizilombo toyambitsa matenda, koma m'buku la ana mwayi wotere sukwanira: anawo achite okha, ndipo chida chikhale khalidwe lija limene m'bale wake amadana nalo, kaya ndi kulongolola, kaya ndi kunenera anzake.

Chonde, musatsirize ndi kukumbatirana ndi mawu ataliatali opepesana. Ana apachibale sapepesana choncho. Mmodzi angomusiyira mnzake mpando wa kuwindo osanena kanthu, kenaka ayambe kukangana za amene anapulumutsadi dziko.

Mukamaliza kulemba, werengerani ana atatu kapena anayi a msinkhu umenewo mokweza, pensulo ili m'manja. Osawafunsa ngati yawasangalatsa, adzakuyankhani mwaulemu. Muziika chizindikiro pamene ayamba kuyang'ana kumbali kapena kusewera ndi zala, ndipo ndime zimenezo muzidule.