Timeshare ya pachilumba si ya munthu wolandira makwacha

Amene akwiye akwiye, koma maganizo anga ndi awa: ngati malipiro anu amabwera m'makwacha, kaya ndinu a m'boma, kaya muli ndi shopu ku Taifa kuno ku Mzuzu, musasaine pepala la timeshare ya ku Mauritius, ku Zanzibar kapena ku Seychelles. Nkhaniyi ndikuiona m'magulu a WhatsApp, makamaka kuchokera kwa abale athu a ku Joni, ndipo akuibweretsa ngati njira yosungira chuma.

Kwa amene simunamvepo, zimayenda chonchi. Pali nyumba kapena chipinda pamalo ofikira alendo m'mbali mwa nyanja yamchere. Chaka chili ndi masabata 52, ndiye eni malowo amagulitsa sabata imodzi imodzi kwa anthu osiyanasiyana. Mumalipira ndalama yaikulu poyamba, n'kupatsidwa ufulu wogona m'menemo sabata yanuyo chaka chilichonse. Ena masiku ano amagulitsa mapointi, omwe mumasinthitsa ndi masiku ogona ngati malo apezeka. Palinso makampani onga RCI, yomwe inayamba mu 1974 ku America, othandiza kusinthana sabata yanu ndi ya munthu wina kudziko lina, koma nawonso amafuna ya umembala komanso ya kusinthako.

Zonsezi wogulitsa amazifotokoza mofatsa, akumwetulira. Chimene amachinena mothamanga ndi levy, ndalama yosamalira malowo: penti, dziwe losambiramo, alonda, oyeretsa, inshuwalansi. Imeneyi mumalipira chaka ndi chaka, mwapita kapena simunapite. Imakwera, ndipo woikweza si inu. Choopsa kwa ife n'chakuti siiwerengedwa m'makwacha. Ndi madola, mayuro kapena marandi.

Tiyeni tiwerenge. Tingoyerekeza kuti levy ndi madola 500 pachaka, ndipo eni ake ndi anthu achifundo, saikweza n'komwe. Mu May 2012, kwacha itagwa kufika pa K250 ku dola imodzi, ndalamayo inali K125,000. Kumayambiriro kwa November 2023 dola inali pafupifupi K1,180, kutanthauza K590,000. Reserve Bank italengeza kugwetsa kwacha ndi 44 peresenti mwezi womwewo, dola inafika pa K1,700, ndipo levy yomwe ija inasanduka K850,000 anthu atangogona n'kudzuka. Chipinda n'chomwecho, sabata ndi yomweyo, malipiro anu sanasunthe. Apatu ndikuwerengera mtengo wa ku banki, pomwe tonse tikudziwa kuti madola a ku banki kuwapeza kwake n'kovuta. Funsani amayi a geni opita ku Dar es Salaam akuuzeni komwe amawagula komanso mtengo wake. Dziko lenilenilo lakhala likusowa madola ogulira mafuta mpaka anthu kugona pamizere ya petulo, ndiye inu mukafike pakauntala kuti mukufuna madola olipirira dziwe losambiramo la ku Grand Baie ku Mauritius?

Alamu anga atabwera pa Khirisimasi anatikhazika pakhonde ku Chibavi n'kuyamba kutionetsa zithunzi pafoni. Mchenga woyera mbee, mitengo ya kokonati, madzi oonekera mpaka pansi. Kukongola kwake sindikutsutsa ayi. "Alamu, tizisonkherana banja lonse," iwo anatero, "chaka chino mupite inu, chamawa ife." Ndinapempha kuti ndione kontrakiti. Tizilembo ting'onoting'ono, tochita kukuza ndi zala pafonipo. Tsiku loyambira linalipo. Lothera ndinalifunafuna, silinapezeke.

"Nanga mukadzatopa nayo, alamu?"

"Timangogulitsa."

"Kwa ndani?"

Anaseka, n'kutembenuza chimanga pambaula.

Funso limenelo ndi lomwe lagwetsa anthu ambiri. Timeshare kugula n'kosavuta, kutulukamo ndiye ntchito. Ofuna kugulitsa ndi ochuluka kuposa ogula, moti ena amafika poipereka ulere kuti levy iwachoke pakhosi, koma wolandira osapezeka. Ku South Africa komweko madandaulo anachuluka mpaka bungwe loteteza ogula la National Consumer Commission linachita kafukufuku mu 2017, n'kutulutsa lipoti lake mu December 2018. Anthu ankadandaula za makontrakiti opanda malire, levy yokwera chaka chilichonse, ndiponso kulephera kupeza malo pa nthawi yomwe akuwafuna chonsecho mapointi ali nawo. Amenewotu ndi anthu olandira marandi, oti kampaniyo ili m'dziko lawo ndipo khoti lili pafupi. Inu muli ku Mchengautuwa, kampani ilibe ngakhale ofesi m'Malawi muno, mukadandaula kwa yani? Pamwamba pa izo pali akathyali amene amaimbira foni eni timeshare kuti "tapeza wogula, tumizani kaye ya mapepala", ndalama ikapita foni yazima.

Zili ngati kugula ng'ombe yoti muziikama sabata imodzi pachaka, koma chakudya ndi mankhwala ake zikhale pamutu panu mpaka kale.

Ndiye pali ulendo weniweniwo, womwe m'zithunzi muja mulibe. Kuchoka pano ndi msewu wa M1, kudutsa Chikangawa, Jenda, Kasungu, mpaka ku Lilongwe. Ndege yolunjika ku Mauritius kulibe, muyenera kudzera ku Johannesburg kapena Nairobi, matikiti a banja lonse, chaka chilichonse, chifukwa mukapanda kupita levy ija mwangotaya. Masabata otsika mtengo amagwa nthawi yomwe ana ali kusukulu. Mukafuna ya December, imene tonse timaifuna, ndi yodula, komanso ndi nyengo ya anamondwe, yomwe kumeneko imayamba November mpaka April. Freddy uja asanatilize ku Chilobwe mu March 2023, anali atadutsa kumpoto kwa Mauritius mu February. Mu January 2024 namondwe Belal anadzaza madzi m'misewu ya Port Louis, likulu la Mauritius. Denga la malo anu likasasuka, m'makontrakiti ambiri eni masabata ndi amene amauzidwa kusonkha ndalama yapadera yokonzera.

Komanso moyo wathu kuno sulola munthu kulonjeza sabata inayake zaka khumi zikubwerazo. Kugwa maliro ku Ekwendeni Lachinayi, ndege ndi ya Loweruka, mupita kuti? Tonse tikudziwa yankho.

Wina anena kuti ndikuletsa anthu kusangalala, kapena kuti Amalawi tizingoganiza zomanga nyumba za lendi basi. Ayi ndithu. Poloti ya ku Dunduzu kapena tizipinda ta ana a Mzuni ku Luwinga ndi chuma chifukwa mawa mutha kugulitsa kapena kukatengera ngongole ku banki, koma si aliyense afuna zimenezo, ndipo munthu wagwira ntchito ayenera kupuma. Zilumba tili nazo. Nkhata Bay ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera m'tauni muno, Ilala yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo imakufikitsani ku Chizumulu ndi ku Likoma, komwe kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe anayamba kumanga mu 1903. Mumalipira chaka chomwe mwapita, chaka chovuta mumakhala kunyumba popanda wokutumizirani kalata. Ndikudziwa, Likoma si Mauritius. Ngati mtima uli pa Mauritius, sungani ndalama zaka ziwiri zitatu, mukagone kuhotela, mujambulitse, mubwereko mulibe ngongole ndi munthu.

Alipo amene timeshare ingawayanje: wolandira madola kapena marandi, wokhala pafupi ndi bwalo la ndege, amene amapita malo amodzimodzi nthawi imodzimodzi chaka chilichonse. Ngakhale iyeyo ndingamuuze kuti agule kwa munthu amene watopa nayo, osati kwa kampani, chifukwa mtengo umatsika kwambiri.

Ngati mwalimbabe mtima, musasaine tsiku lomwe akuonetsani zithunzi, ngakhale anene kuti mtengo wotsikawo ukutha lero. Afunseni kuti levy yakhala ikukwera bwanji zaka zisanu zapitazi, akuonetseni pa pepala. Afunseni kuti kontrakiti ikutha liti, ikutsata malamulo a dziko liti, ndipo muli ndi masiku angati oti musinthe maganizo (ku mayiko a European Union lamulo limapereka masiku 14). Afunseninso kuti mukamwalira levy idzalipidwa ndi ndani, poti m'makontrakiti ena imatsalira pa chuma cha masiye. Kenako muwauze alembe kuti mukadzafuna kutuluka, iwo eni adzaigulanso pa theka la mtengo womwe mwalipira, asaine ndi kudinda.