Mwana wa mu Blantyre osadziwa kulira kwa sitima?

Dzulo madzulo ndinali m'minibasi pa Maselema, titapanikizana ngati matumba a makala, pomwe sitima inaliza huta cha ku Limbe. Kamnyamata kena kanafunsa kuti, "Amayi, chikulirachi n'chiyani?" Anthu anaseka, koma ine zinandiwawa.

Ndinakulira pafupi ndi njanji ku Limbe. Tinkaika zitsekerero za mabotolo pa njanji, n'kubisala m'tchire. Sitima ikadutsa tinkazipeza zitaphwatalala, zikutentha moti sungazigwire. Bambo akamva zimenezi lamba ankagwira ntchito, komabe mawa lake tinkabwereranso. Mpaka lero ndikamva fungo la dizilo ndi chitsulo chotentha ndimakumbukira amayi a nzimbe ndi mbatata yootcha akuthamangira mawindo a mabogi pa Luchenza, ndalama kuponyerana sitima itayamba kale kuyenda.

Njanjiyi inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, chifukwa madzi a mu Shire ankachepa ndipo sitima zapamadzi zinkavutika kukwera. Mu 1935 mlatho wa njanji wa Dona Ana ku Mozambique, wotalika kuposa makilomita 3, unawoloka Zambezi, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje n'kumapita mpaka ku Beira osatsitsidwa pa mtsinje. Chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Mu 1970 tinalumikizana ndi doko la Nacala kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi. Limbe yemwe mukumuonayu anakula ndi sitima, musanamizidwe.

Ndiye madzi osefukira atadula njanji cha ku Chiromo mu 1997, tinangokhala chete zaka ndi zaka, ngati kuti chigwa cha Shire si kwathu.

Chimene sindimvetsa ndi ichi: malasha a ku Moatize ku Mozambique amadutsa pa sitima m'dziko lathu, ku Neno mpaka ku Nkaya, mabogi osawerengeka, pomwe feteleza wathu ndi mafuta ambiri zimabwera pa mathiraki amene akukumba maenje m'misewu. Ife anthu ndiye osanena. Bwanji osaika sitima yonyamula anthu m'mawa ndi madzulo kuchokera ku Lunzu, kuima pa Blantyre pafupi ndi Wenela, kukathera ku Limbe? Njanjitu ilipo kale, ikungochita dzimbiri tikuiona pa windo la minibasi.

Loweruka lino ndiwatenga adzukulu anga tikaime pa siteshoni ya Limbe. Zitsekerero zokha sindiwaphunzitsa.