Lekani kuwayankhira ana pa matabuleti

Zimene ndinaona dzulo zandikwiyitsa kwambiri, ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Salima kunabwera alendo odzaona mmene ana a Sitandade 2 akuphunzirira kuwerenga pogwiritsa ntchito matabuleti, ndipo ine ndinali pomwepo monga kholo la m'komiti ya sukulu. Ana anakhala pamphasa, aliyense atavala mahedifoni ake, ndipo zonse zinkayenda bwino kufikira pamene munthu wamkulu, amene ntchito yake inali yongoyang'anira, anayamba kuyendayenda pakati pawo n'kumawalozera mayankho. Mwana akangozengereza pang'ono pakati pa "ba" ndi "da", chala cha wamkuluyo chinali chitafika kale. Kamtsikana kena anachita kukagwira dzanja n'kukadinitsa pamalo oyenera. Alendo anaomba m'manja, anajambula zithunzi, n'kukwera galimoto yawo ali okhutira.

Abale anga, uku si kuthandiza mwana ayi, uku ndi kumuwononga. Masewera a m'matabuletiwa anapangidwa kuti azisintha molingana ndi zimene mwana aliyense akudziwa. Amayamba ndi kumuyesa, kuti aone ngati akuzindikira malembo, ngati akudziwa liwu la lembo lililonse, ngati akutha kulumikiza maphatikizo kuti apange mawu. Akaona kuti mwanayo wagwa pamaphatikizo, amamupatsa ntchito ya maphatikizo yomweyo kufikira ataigwira; akaona kuti wakhoza mosavutikira, amamupititsa patsogolo kuti asanyong'onyeke. Tsono chimene chimatsogolera masewerawa ndi kulakwa kwa mwana. Mukachotsa kulakwako, mwawachititsa khungu. Tabuleti ilibe maso oonera kuti chala chimene chadina ndi cha munthu wandevu, choncho imangokhulupirira kuti kamtsikana kaja kakudziwa kale "ba" ndi "da", n'kukapatsa mawu aatali amene sikangawakwanitse. Wamkulu uja akachoka, mwanayo amatsala yekha ndi ntchito yomuposa msinkhu, amalephera motsatizana, ndipo mapeto ake amayamba kudana ndi chinthu chimene chinabwera kudzamuthandiza.

Kodi munthu angapite kuchipatala ndi mwana wodwala, dokotala akamafunsa pamene pakupweteka, iye n'kumayankha kuti mwanayo ali bwinobwino, pofuna kuti anthu amuone ngati kholo losamala? Ndiye n'zimene tikuchitazi.

Ndipo chondipweteka kwambiri n'chakuti zinthuzi sizinangogwa kuchokera kumwamba, anthu anazifufuza, ena mwa iwo m'dziko mwathu muno. Pulogalamu ya pa tabuleti ya bungwe la onebillion la ku UK, imene ili ndi maphunziro a m'Chichewa, inayamba kuyesedwa m'sukulu za ku Malawi mothandizana ndi bungwe la VSO. Pulofesa Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anatulutsa mu 2015 zotsatira za kafukufuku wa masamu amene anachitika pasukulu ina ya ku Lilongwe, ndipo pambuyo pake bungwe la Imagine Worldwide linachita kafukufuku woyerekeza ana ogwiritsa ntchito matabuleti ndi anzawo ongophunzira mwa masiku onse, n'kupeza kuti a matabuleti aja anapita patsogolo kwambiri pa kuwerenga. Mu 2019 onebillion inali imodzi mwa magulu awiri amene anapambana mpikisano wa mapulogalamu ophunzitsa ana wotchedwa Global Learning XPRIZE, mapulogalamu awo atayesedwa m'midzi ya ku Tanzania kumene ana ankaphunzira okha popanda mphunzitsi wowaimirira kumbuyo. Ngakhale anansi athu a ku Zambia anayesa masewera a GraphoGame, ochokera ku University of Jyväskylä ku Finland, pa ana a ku Lusaka m'Chinyanja, chilankhulo chimene ife tomwe timachimva popanda womasulira. Ndi pamaziko a kafukufuku wotereyu pamene Unduna wa Zamaphunziro unayambitsira ndondomeko ya BEFIT mu 2023, yofuna kufikitsa matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu za boma.

Tsopano ndifunseni: mwa ana onse amene anayesedwa m'makafukufukuwa, phindu linachokera kuti? Linachokera pa mwana kudina yekha, kulakwa yekha, kumvanso liwu lija m'makutu mwake, n'kuyesanso yekha. Chimene ofufuza ankayeza ndi mutu wa mwana, osati chala cha woyang'anira. Ife tatenga chida chimene mphamvu yake yonse ili pa kulola mwana kulakwa, n'kuchisandutsa chionetsero cha alendo. Tikatero tisadzadabwe kuti zimene zinaoneka m'kafukufuku sizikuoneka m'sukulu zathu, ndipo tisadzanamizire tabuleti kuti ndi yopanda pake.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti aphunzitsi amaopa kuoneka olephera pamaso pa akuluakulu, komanso kuti kalasi ya ana oposa zana imamulemetsa munthu. N'zoona, koma kuchuluka kwa ana komweko ndiye chifukwa chake matabuleti anabwera. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994 makalasi athu ndi odzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangadziwe kuti mwana uyu wakakamira pa lembo liti, uyo pa phatikizo liti. Tabuleti ikhoza kudziwa, malinga tikaisiya kuti imve zoona kuchokera kwa mwanayo. Ntchito ya wamkulu ndi kuona kuti tabuleti yatchajidwa, mahedifoni akumveka, mwana wakhala pansi ndipo sakulimbana ndi mnzake. Mwana akalira kuti zamuvuta, mulimbikitseni kuti amvetserenso, koma dzanja lanu likhale kumbuyo.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene wakhala kwa kanthawi akuyang'ana lembo, milomo ikugwedera, sikuti wasowa chochita. Akugwira ntchito yaikulu kuposa ina iliyonse imene angagwire tsiku limenelo. Ndi nthawi imeneyo pamene kuwerenga kumalowa. Inu mukamudula ndi yankho lanu mwamulanda nthawi yakeyo, ndipo mwamuphunzitsa chinthu chimodzi chokha, chakuti akadikira pang'ono wina abwera kudzamuchitira. Musamuyankhire. Ngakhale alendo atachokera ku likulu la Unduna ku Lilongwe, musamuyankhire. Alendo amene amadziwa ntchito yawo sakhumudwa kuona mwana akulakwa, ndipo amene angakhumudwe ndi zimenezo sanayenere kubwera n'komwe.

Ndipo makolo anzanga musaseke aphunzitsi, chifukwa matendawa tili nawo m'nyumba mwathu momwe. Mwana akabwera ndi ntchito yokalembera kunyumba, timaitana mkulu wake wa ku sekondale kuti amulembere msanga kusanade, mawa mphunzitsi n'kuchonga zonse kuti zakhoza. Timatero chaka ndi chaka, mwanayo n'kumakwera makalasi, kenako afika Sitandade 5 kumene maphunziro amatembenukira ku Chingerezi asanathe n'komwe kuwerenga ndime imodzi ya Chichewa. Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka kuchokera ku MANEB ndife oyamba kuthamangira ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu kukalalata kuti sukuluyi siphunzitsa.