Musangokopeka ndi zoom, onaninso sensa

Nkhani ina ya makamera yatamanda kwambiri zoom (mphamvu yokokera zakutali pafupi) ya 83x, koma yadumpha mfundo yaikulu: kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera. Makamera ambiri a superzoom, omwe ndi a zoom yaikulu ndi lenzi yosachotseka, ali ndi sensa ya pafupifupi mamilimita 6 mulitali ndi 4.5 mulifupi, yochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono. DSLR (kamera yosintha malenzi) ya oyamba kumene imakhala ndi sensa ya APS-C, yomwe ndi yaikulu kuwirikiza pafupifupi ka 13. N'chifukwa chake dzuwa likangolowa, kapena mukamajambula m'nyumba, superzoom ikafika pa ISO 800 (ISO ndi nambala yomwe mumakweza kuwala kukachepa) chithunzi chimadzaza timadontho, tsitsi la munthu n'kuoneka ngati lopakidwa penti. DSLR ngakhale pa ISO 3200 imatulutsabe chithunzi chooneka bwino.

Komabe kwa wojambula mbalame masana, superzoom ndiye yake. Nikon P900, superzoom ya 83x, imafika pa 2000mm, pomwe lenzi ya 18-55mm yobwera ndi DSLR imaonetsa mbalameyo ngati kadontho panthambi. Chenjerani apa: mukatambasula zoom mpaka kumapeto, kabowo kolowetsa kuwala kamachepa kufika f/6.5. Ikani shutter (nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala) pa 1/1000 ya sekondi, kapena kamerayo ikhale pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), apo ayi kunjenjemera pang'ono kwa manja kumawononga zonse. Kukatentha, mpweya wotentha wochokera pansi umapangitsa zakutali kuoneka ngati zikuvina, choncho jambulani m'mamawa.

Ngati mukufuna kujambula ana akuthamanga kapena masewera, tengani DSLR, imagwira focus msanga. Muwonjezere lenzi ya 50mm f/1.8 yojambulira nkhope. Posintha lenzi, zimitsani kamera ndipo muilozetse pansi kuti fumbi lisagwere pa sensa.