Ulesi wa mwana wa bwana amauchiza ndi nyimbo imodzi

Aliyense wogwira ntchito m'nyumba za ku Chatsworth kapena Phoenix kuno ku Durban amawadziwa mafilimu a ku India a Chitamil, chifukwa TV ya pabalaza sizima ndipo umawaonera uli chiimire, ukusita zovala. Umene umandiwawa ndi mtundu uja wa mnyamata wolowerera wa kwa mpondamatiki amene chikondi chimamuwongola.

Kakonzedwe kake kamabwerezabwereza. Filimu imatenga maola awiri ndi theka, ili ndi nyimbo zinayi kapena zisanu, ndipo imadulidwa pakati kuti anthu apume. Gawo loyamba ndi la galimoto, mowa, anzake omudyera ndi bambo wokalipa. Pofika popumira paja, mtsikana wamukana kapena bambo wamuthamangitsa. Gawo lachiwiri ndi la kulapa, mpaka amumange mtsikanayo thaali m'khosi, chingwe chachikasu cha ukwati chomanga mfundo zitatu. Mu Vasantha Maligai ya 1972, Sivaji Ganesan ndi chidakwa cholemera chimene chikusiya mowa chifukwa cha mkazi wogwira ntchito m'ndege. Mu Thambikku Entha Ooru ya 1984, Rajinikanth akutumizidwa ndi bambo ake kumudzi kuti akagwire ntchito chaka chimodzi.

Chaka chimodzi! Pamene pamalakwika mpomwepa. Kawirikawiri thukuta lonse amalipanikiza m'nyimbo ya mphindi zisanu: wanyamula thumba, wakama ng'ombe, wapukuta nkhope, ng'oma yatha, munthu wasintha. Amene anawokerapo mpunga akudziwa kuti tsiku loyamba msana umakana kuwongoka, sabata yoyamba manja amatuluka matuza, ndipo kuti khungu likhakhale pamatenga milungu. Chimene chimaswa munthu kwenikweni si kulemera kwa thumba, ndi kudziwa kuti mawa uli pomwepo, chaka chamawa uli pomwepo. Mnyamata wa m'filimuyu chuma cha bambo ake chikumudikira, palibe wachikhudza. Umphawi wake uli ndi tsiku lothera.

Ndiye yang'anani kumbuyo kwake. Pali dalaivala, khukhi, mlonda. Nthawi zambiri ntchito yawo ndi kuseketsa: kuthiridwa khofi, kugwa, kunamiziridwa kuba. Iwowa akhala akudzuka 5 koloko moyo wawo wonse, koma palibe amene amawaimbira nyimbo. Mtsikana nayenso maphunziro ake kapena ntchito yake zimaima kuti alere mwana wa eni amene makolo ake analephera. Banja lonse pabalaza likamaseka wantchito woombedwa mbama uja, iwe wagwira simbi, nthabwalayo imakufika mosiyana.

Chondipweteka china n'chakuti nkhani yeniyeni ya thukuta mabanja achimwenye amene timawagwirira ntchitowa ali nayo m'magazi. Sitima ya Truro inafika ku Durban mu November 1860 kuchokera ku Madras, ndipo pofika 1911 anthu oposa 150,000 anali atabweretsedwa kuchokera ku India pa makontirakiti a zaka zisanu, ambiri kudzadula nzimbe ku Natal. Ochuluka mwa iwo anali a kumwera kwa India, olankhula Chitamil ndi Chitelugu. Amenewo ankabwera opanda nyumba ya bambo yoti akathawireko zikavuta.

Ifenso a ku Mangochi, Machinga kaya Mzimba tili momwemo lero. Lamulo la kuno la malipiro ochepetsetsa linayamba ndi R20 pa ola mu 2019, antchito a m'nyumba n'kupatsidwa R15, ndipo anawafananitsa ndi ena onse mu March 2022 pa R23.19. Koma amene pasipoti yake inatha masiku saona zimenezo. Amamupatsa ya pa sabata m'manja, opanda pepala, kumudula ya mbale yosweka, ndipo ku CCMA, bungwe loweruza milandu ya pantchito, sapita ngakhale lamulo la ntchito limamuteteza, poopa kuti akatulukira kumeneko athera ku Lindela, kumene amasunga alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo. Pa zotsalazo achotse renti, achotse ya teksi, atumize kumudzi fetereza asanakwere. Lamlungu masana abwana amamuitananso kuti adzatsuke galimoto ya mwana wawo, amene sanadzukebe.